Madzi Saiŵala Khwaŵa

M'dziko lathu la Malaŵi mvula imayamba mu Novembala kapena mu Disembala, ndipo imaleka cha mu Epulo. Mlimi aliyense amakondwa akamva kununkhira kwa dothi tsiku limene mvula yoyamba yagwa, pakuti amadziŵa kuti chakudya cha banja lake chili m'madzi amenewo. Koma madzi omwewo akachuluka kopitirira muyeso, mitsinje imadzaza, nisefukira m'minda ndi m'midzi. Pamenepo nyumba zimagwa, nkhokwe zimakokoloka, ziŵeto zimamira, ndipo nthaŵi zina anthu amataya miyoyo yao.

Makolo athu adati, "Madzi saiŵala khwaŵa." Mwambi umenewu amaunena pophunzitsa za makhalidwe a anthu, koma ukunenanso zoona zenizeni za madziwo. Khwaŵa likhoza kukhala louma zaka khumi, udzu ndi mitengo n'kumeramo, anthu n'kuiŵala kuti padali njira ya madzi. Koma chaka china mvula ikagwa yambiri, madzi amadzera momwe muja adadzera kale. Safunsa ngati munthu wamangapo nyumba kapena sitolo. M'phunziro lino tiona chifukwa chake madzi osefukira akusautsa midzi yambiri masiku ano, ndiponso zimene anthu a pamudzi umene ukukula ayenera kuganizira asanayambe kumanga.

Ulendo wa Madzi a Mvula

Mvula ikagwa paphiri la mitengo yoŵirira, madontho ake amayamba agunda masamba, kenaka nagwera pansi pang'onopang'ono. Pansipo amapeza zinyalala za masamba oola ndi mizu ya udzu, zimene zimaŵachedwetsa kufikira ataloŵa m'nthaka. Madzi ameneŵa ndiwo amatuluka pa akasupe nthaŵi ya chilimwe, ndiwonso timatunga m'zitsime ndi pamijigo.

Paphiri lopanda mitengo zinthu zimayenda mwina. Madontho amamenya dothi mwamphamvu, ndipo madzi amathamanga pamwamba osaloŵa pansi. Timifuleni tambirimbiri timakumana n'kukhala mfuleni waukulu, mifuleniyo nikhuthulira madzi ake onse mumtsinje pa nthaŵi imodzi, pamodzi ndi dothi, mchenga ndi miyala.

Tiyeni tiŵerengere kuti tione kuchuluka kwa madziŵa. Tiyerekeze kuti denga la chipinda chophunziriramo ndi la mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Mvula ya mamilimita 50, imene ikhoza kugwa tsiku limodzi lokha, imathira malita 4,000 padenga limenelo. Madzi ameneŵa angadzaze ndowa 200 za malita 20. Mvula yomweyo ikagwa pamunda wa hekitala imodzi imathira malita 500,000. Tsono lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti madzi a padenga limodzi lija akulemera ngati matumba 80 a chimanga a makilogalamu 50. Ganizani tsono za mphamvu ya madzi ochokera m'mapiri ndi m'minda yambirimbiri akakumana m'khwaŵa limodzi!

Chigwa cha Shire

Madzi amasefukira m'madera ambiri a dziko lino. Ku Karonga kuli mitsinje ya Songwe ndi North Rukuru, ku Salima kuli Linthipe, ndipo nacho chigwa cha nyanja ya Chilwa chimadzaza madzi kaŵirikaŵiri. Koma dera limene ladziŵika kwambiri ndi vutoli ndi chigwa cha kumunsi kwa mtsinje wa Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje.

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malaŵi pafupi ndi Mangochi, ndipo umayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 400 mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Pakati pa ulendo wake umatsika mothamanga pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene timapangira magetsi. Ukangopitirira pa Kapichira umaloŵa m'chigwa chachikulu chathyathyathya, ndipo liŵiro lake limachepa. Kumunsi kwenikweni kwa Nsanje dziko ndi lotsika kwambiri, losakwana mamita 50 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002.

Mitsinje yambiri imatsikira m'chigwachi. Wa Ruo umatenga madzi a ku Mulanje nukakumana ndi Shire pa Chiromo. Wa Mwanza umachokera kumapiri a kumadzulo, ndipo ina ing'onoing'ono imatsetsereka kuchokera ku mapiri a Thyolo. N'chifukwa chake munthu wa ku Nsanje akhoza kugona kuthambo kuli nyenyezi, koma n'kudzuka pakati pa usiku madzi ali m'nyumba. Mvula imene yamuononga idagwa kutali, iye osaiona.

Tisaganize kuti anthu a m'chigwa amakhala kumeneko chifukwa chosadziŵa. Madzi akaphwa amasiya dothi lachonde ndi chinyezi, kotero kuti munthu amadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu nthaŵi imene kwina konse kwauma. M'madambo mulinso nsomba ndi msipu wa ng'ombe. Kuyambira kale Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi adali ndi minda ya mitundu iŵiri. Kumtunda, kumene amati kumphala, ankalimako mapira ndi mcheŵere nthaŵi ya dzinja, ndipo kudimba ankalimako madzi akaphwa. Munda wina ukakanika, winawo unkapulumutsa banja. Anthuŵa ankaudziŵa mtsinje wao, ndipo ankaupatsa malo ake.

Zaka Zimene Sitiiŵala

Mu Disembala 1946 kudagwa chimvula paphiri la Zomba, ndipo madzi, matope ndi miyala zidatsika ndi kuononga milatho ndi nyumba. Anthu adati kwadutsa napolo. Makolo ankakhulupirira kuti napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamuka chimagumula zonse za m'njira yake. Lero tikudziŵa kuti dothi la paphiri likamwa madzi ambiri limalemera, kenaka limatereka pamwamba pa thanthwe n'kutsika pamodzi ndi mitengo ndi miyala. Komabe makolowo adaona chinthu chimodzi choona: napolo ali ndi njira zake, ndipo munthu wanzeru samanga m'njiramo.

Mu Malichi 1991 zoterezi zidachitikanso ku Phalombe. Madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zidasesa midzi ndi masitolo, ndipo anthu mazanamazana adafa. Chaka chomwecho boma lidakhazikitsa lamulo loona za kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 1997 madzi adakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake anthu ankaoloka pamalopo ndi mabwato.

Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'maboma 15. Anthu oposa 1 miliyoni adakhudzidwa, anthu 230,000 adasoŵa pokhala, ndipo oposa 100 adamwalira. Chaka chimenecho mtsinje wa Ruo udasiya njira yake nudzera m'midzi ya ku Makhanga. Namondwe wotchedwa Idai adabweretsanso chigumula mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la pa Kapichira, ndipo makina opangira magetsi a pamenepo adaima kwa nthaŵi yoposa chaka. Woopsa koposa onse adali namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje kudaonongeka midzi yambiri. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusoŵa, ndipo oposa 600,000 adathaŵa m'nyumba zao. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zotere.

Mukayang'ana zaka zimenezi muona kuti ngozi zinayi zomalizazo zidagwa motsatizana m'zaka zosakwana khumi. Akatswiri a zanyengo akutiuza kuti dziko lapansi likutentha, ndipo mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, motero mvula yamphamvu ikuchuluka. Koma si mvula yokha imene yasintha. Midzi yathu nayonso yasintha.

Mudzi Ukamakula

Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno mudali anthu 4 miliyoni. Mu 1987 adali pafupifupi 8 miliyoni, ndipo mu 2018 adakwana 17.5 miliyoni. Anthu achuluka koposa kanayi, koma dziko silidakule ngakhale phazi limodzi.

Taganizani za kamudzi ka nyumba makumi aŵiri kamene kali pachitunda m'mbali mwa mseu. Pakapita zaka pamabwera chigayo, kenaka msika, sukulu ndi matchalitchi. Ana amakula nafuna malo aoao, alendo nawo amadza kudzachita malonda. Malo a pachitunda akatha, nyumba zimayamba kutsikira kumunsi. Woyamba amamanga m'mphepete mwa dambo. Zaka zitatu zikapita popanda madzi, wachiŵiri amamanga m'kati mwenimweni mwa dambolo, popeza malo ake ndi otsika mtengo. Posakhalitsa padambo ponse pali nyumba, ndipo ana obadwira pamenepo sadziŵa n'komwe kuti kale padali bango ndi achule.

Dambo lili ndi ntchito yake. Lili ngati mtsuko waukulu umene umalandira madzi a mvula n'kumaŵatulutsa pang'onopang'ono. Anthu akalikwirira, madzi aja amasoŵa kopita, ndipo amaloŵa m'nyumba za amene adalikwirira kapena za anzao a kumunsi.

Pali zinanso zimene zimadza ndi kukula kwa mudzi. Madenga a malata ndi mabwalo ogangatika salola madzi kuloŵa pansi. Nyumba zatsopano zimafuna njerwa, njerwa zimafuna nkhuni zootchera, motero mitengo ya m'phiri imatha. Ena amaidula kuti aotche makala. Minda ikachepa anthu amalima mpaka m'gombe la mtsinje, nachotsa bango ndi nsenjere zimene zinkagwira dothi. Dothi lonse lokokoloka limakakhazikika pansi pa mtsinje. Mtsinje umene kale udali wakuya umasanduka wosaya, wodzaza mchenga, ndipo mvula yochepa yokha imakwanira kuusefukiritsa. Mapepala a pulasitiki ndi zinyalala za pamsika nazo zimatseka ngalande.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthuŵa amene amafuna kuononga mudzi. Aliyense akungofuna pogona ndi chakudya cha ana ake. Vuto ndi lakuti aliyense amaganiza payekha, pamene madzi amayenda pamudzi ponse. N'chifukwa chake mudzi umene ukukula uyenera kulinganizidwa.

Kulinganiza Mudzi

Kulinganiza mudzi ndiko kukhala pansi pamodzi ndi kugwirizana pamene chinthu chilichonse chidzakhale, chisanamangidwe. Ntchito imeneyi ndi ya mfumu, nduna zake, amai ndi abambo a pamudzi, pamodzi ndi alangizi ochokera ku khonsolo ya boma. Mutu umodzi susenza denga.

Choyamba ndi kudziŵa njira za madzi. Nkhalamba za pamudzi ndizo buku loyamba loyenera kuŵerenga, pakuti zimakumbukira pamene madzi adalekeza chaka chakutichakuti. Nayo nthaka imanena. Pamene pamera bango, gumbwa kapena mitengo yokonda madzi, pamene pali mchenga wosalala ndi miyala yobulungira, pamenepo madzi adadutsapo. Zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo zimaonetsa msinkhu umene madzi adafika. Zonsezi anthu amazijambula pamapu a mudzi wao, ndipo akatswiri oyeza malo amaonjezapo zimene apeza ndi zipangizo zao.

Chachiŵiri ndi kugaŵa malo molingana ndi mapuwo. Malo okwera akhale a nyumba, sukulu, chipatala ndi nkhokwe. Malo amene madzi amafikako mwa apo ndi apo akhale a bwalo la mpira, msipu ndi nkhalango ya mudzi, pakuti zimenezi siziwonongeka zikamira masiku aŵiri. Dambo ndi khwaŵa zisiyidwe kuti zikhale za madimba ndi za madziwo. M'tsinde mwa phiri lotsetsereka kwambiri, makamaka pakamwa pa chigwembe, musamangidwe nyumba.

Sukulu ndi chipatala zifunika malo abwino koposa onse. Madzi akasefukira anthu amathaŵira kusukulu, ndipo ovulala amapita nao kuchipatala. Nanga zimenezi zikayamba ndizo kumira, anthu adzaloŵera kuti? Midzi ina yamanga nyumba yapadera yothaŵirako pamalo okwera, kuti maphunziro asaime nthaŵi yaitali chifukwa chakuti m'makalasi mukugona anthu.

Chachitatu ndi madzi akumwa ndi zimbudzi. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Mjigo ukhale pamalo okwera, ndipo pansi pake pakhale simenti yokwezeka bwino. Madzi osefukira akagumula zimbudzi amatenga zonyansa n'kuziloŵetsa m'zitsime, ndipo matenda otsekula m'mimba amabuka. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022, anamondwe atangodutsa, udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Maenje okumbamo dothi la njerwa akwiriridwe, chifukwa ana amamiramo ndiponso udzudzu umaswana m'menemo.

Chachinai ndi miseu ndi milatho. Mseu wokwezeka umene wadutsa pakati pa dambo uli ngati khoma. Ngati mipata yodutsira madzi pansi pake ndi yochepa kapena yaing'ono, madzi amaunjikana mbali imodzi, namiza nyumba za kumeneko, ndipo potsiriza amaudula mseuwo. Mlatho uyenera kumangidwa poyang'ana madzi a chaka cha chigumula, osati a chaka wamba. Zoonadi mlatho wotere umadya ndalama zambiri, koma kumanga kamodzi n'kotsika mtengo kusiyana ndi kumanga katatu. Ngalande za m'mbali mwa mseu ndi za pamsika zilambulidwe mvula isanayambe. Ndi bwinonso kuti mudzi ukhale ndi njira yachiŵiri yopita kumtunda, imene aliyense akuidziŵa ngakhale mu mdima.

Chachisanu ndi makoma otchinga madzi. M'madera ena a ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga mwamangidwa makoma ataliatali a dothi ndi miyala m'mbali mwa mitsinje. Makoma ameneŵa amathandiza, koma ali ndi malire ake. Khoma limakankhira madzi kutsidya kapena kumunsi, kumene kulinso anthu. Likapanda kusamalidwa limang'ambika. Choopsa china n'chakuti anthu akaona khoma amayesa kuti ngozi yatha, nayamba kumanga kuseri kwake. Tsiku limene madzi adzapose khomalo, adzapeza nyumba zambiri kuposa kale.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kusamala kumtunda. Mitengo ya m'phiri, mizere yopingasa, akalozera ndi udzu wa vetiva zimachedwetsa madzi asanafike kumtsinje. M'magombe mudzalidwe nsungwi, bango, nsenjere, mikuyu ndi mibaŵa, ndipo khasu lisafike m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Apa mpamene tikuona kuti mudzi umodzi sungathe kudziteteza wokha. Mtengo wodulidwa ku Thyolo kapena ku Mwanza umamveka ku Chikwawa. Anthu a kumtunda ndi a kuchigwa amamwa mtsinje umodzi, tsono ayenera kumvana.

Nayo nyumba ili ndi kamangidwe kake. Maziko akhale akuya, a miyala kapena a njerwa zolimba, ndipo chiundo cha nyumba chikwezeke kuti madzi oyenda pabwalo asaloŵe. Denga lituluke kunja ndithu kuti mvula isamenye zipupa, ndipo khonde likhale lotsetserekera kunja. Nyumba zambiri za zidina zimagwa chifukwa chakuti tsinde la chipupa lanyoŵa n'kufeŵa.

Chenjezo

Ngakhale mudzi ulinganizidwe bwino chotani, chaka china madzi adzafika ndithu. Chimene chimapulumutsa moyo tsiku limenelo ndi chenjezo lofika msanga. A nthambi yoona zanyengo amalengeza pa wailesi kukamabwera mvula yamphamvu. M'mitsinje ina mudazikidwa mizati yopakidwa utoto wobiriŵira, wachikasu ndi wofiira. Madzi akafika pachikasu, woyang'anira mzatiwo amaimbira foni anzake a kumunsi kuti akonzeke. Akafika pofiira, a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi amaliza mawezulo, ng'oma kapena chimkuzamau, ndipo onse amanyamuka kupita kumtunda. Okalamba, odwala, olumala, amai oyembekezera ndi ana aang'ono ndiwo ayenera kutsogozedwa. Chenjezo likamveka si nthaŵi yokangana. Paja mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.

Nkhani Yovuta ya Kusamuka

Pali midzi ina imene madzi amaifika pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo boma lakhala likupempha anthu ake kuti asamukire kumtunda. Ena adasamuka, ena adakana, ndipo ena adapita koma n'kubwereranso. Munthu wa kutali angaŵanene kuti ndi osamva, koma tiyenera kumva mbali yao. Kuchigwako kuli minda yao yachonde ndi manda a makolo ao. Mfumu ikasamukira m'dziko la mfumu inzake imaopa kuti ufumu wake utha. Ndiponso kumtundako nthaŵi zina kumakhala kouma, kopanda mjigo, sukulu kapena msika.

Tsono kusamuka kumatheka pokhapokha kumalo atsopanowo kukayamba kwakonzedwa. Mafumu a mbali zonse ziŵiri agwirizane za malo, madzi akumwa apezeke, sukulu ndi mseu zikhalepo, ndipo anthu aloledwe kusunga minda yao yakale. Potero banja limagona kumtunda n'kumalima kudimba madzi akaphwa. Imeneyitu ndi nzeru yomwe ija ya makolo, ya mphala ndi dimba.

Gawo Lanu

Inu ana a sukulu muli ndi gawo lanu pa nkhani imeneyi. Musaoloke mtsinje wodzaza, ngakhale mukuchedwa kusukulu, pakuti madzi othamanga ofika m'maondo okha akhoza kugwetsa munthu wamkulu. Musaseŵere m'ngalande kapena m'maenje a njerwa, ndipo musataye zinyalala m'njira za madzi. Madzi akasefukira imwani okhaokha oŵiritsa kapena othira mankhwala. Dzalani mitengo m'nyengo yodzala, ndipo muisamale kufikira itakula.

Maŵa lino ena mwa inu mudzakhala mafumu, alangizi, amisiri omanga milatho ndi makhansala. Ena mudzafuna malo omangapo nyumba zanu. Tsiku limenelo musadzayang'ane kutsika mtengo kwa malo kokha. Mudzayambe mwafunsa kuti, "Kodi mvula ikagwa yambiri, madzi a pano amadzera pati?" Sitingailetse mvula kugwa, ndipo mtsinje sitingaulamule. Koma pamene timange nyumba, sukulu ndi mlatho timasankha ndife.

Mau Ofunika Kuŵadziŵa

khwaŵa: njira ya madzi imene imauma nthaŵi ya chilimwe
chigwa: dziko lotsika limene lili pakati kapena m'munsi mwa mapiri
chigumula: madzi ambiri osefukira amene amaononga zinthu
namondwe: mphepo yamkuntho yodza ndi mvula yambiri
napolo: madzi, matope ndi miyala zotsika mwamphamvu kuchokera m'phiri
gombe: m'mphepete mwa mtsinje kapena nyanja
chigwembe: ngalande yakuya yokumbika ndi madzi a mvula
akalozera: mizere ikuluikulu yotsogolera mizere ina pamunda wotsetsereka
kalembera: ntchito yoŵerenga anthu onse a m'dziko

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa ulendo wa madzi a mvula paphiri la mitengo ndi paphiri lopanda mitengo.
2. Chifukwa chiyani madzi akhoza kusefukira ku Nsanje ngakhale kumeneko sikudagwe mvula?
3. Kodi minda ya kumphala ndi ya kudimba inkathandiza bwanji anthu a m'chigwa cha Shire?
4. Nchiyani chidachitika ku Phalombe mu 1991, ndi pa Kapichira mu 2022?
5. Tchulani zinthu zinai zimene zimachititsa kuti mudzi ukamakula ngozi ya madzi ikule.
6. Chifukwa chiyani sukulu ndi chipatala ziyenera kumangidwa pamalo okwera?
7. Kodi khoma lotchinga madzi lingabweretse mavuto otani?
8. Inu mukadakhala mfumu ya mudzi wa m'chigwa, mukadapempha zotani musanavomere kusamuka? Perekani zifukwa.

Za Chiyankhulo

(a) Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo mupange chiganizo ndi mwambi uliwonse:
Madzi saiŵala khwaŵa.
Mutu umodzi susenza denga.
Mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.
Walira mvula walira matope.

(b) Lembani mau aŵa mochulukitsa: khwaŵa, dambo, mlatho, chitsime, phiri, gombe, mseu, bwato.

(c) Perekani mau otsutsana ndi aŵa: kumtunda, wakuya, kuuma, kumanga, kukumbukira.

Zoti Muchite

1. Denga la nyumba ina ndi la mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi. Mvula ya milimita imodzi imathira lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kodi mvula ya mamilimita 40 idzathira malita angati padengali? Nanga ndi ndowa zingati za malita 20?

2. Pitani kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwanu. Mukalonjerana naye mwaulemu, mufunseni motere: "Agogo, tatumidwa ndi aphunzitsi. Kodi mungatiuzeko chaka chimene madzi adachuluka koposa pamudzi pano, ndi pamene adalekeza?" Lembani zimene akuuzeni, ndipo mukaŵerengere anzanu m'kalasi.

3. M'magulu, jambulani mapu a mudzi wanu. Onetsani mtsinje, makwaŵa, dambo, sukulu, mjigo ndi miseu. Lembani mivi yoonetsa kumene madzi amaloŵera, ndiponso njira yothaŵira kumtunda.

4. Lembani chimangirizo cha ndime zinai pa mutu uwu: "Mudzi wathu zaka makumi aŵiri zikubwerazi."